Mabowo a Pachithunzi cha Ukwati

Anagogoda Lachinayi masana, tsiku la msika pa Nsaru, chimanga chitayamba kuuma m'minda. Ndinali m'chipinda chamdima, ndikutsuka zithunzi. Lamulo langa aliyense ankalidziwa: chitseko chimenecho sichitsegulidwa mwini ali m'kati, chifukwa kuwala kukalowa ntchito yonse imaonongeka. Ndinayankha kuti, "Dikirani." Sanadikire. Chitseko chinatseguka, dzuwa linalowa, ndipo nkhope zimene zinkatuluka m'mbale ya mankhwala zinada ndikuona.

Anali amuna atatu. Wamkulu wawo anavala jekete yotuwa ndipo ankalankhula mofatsa. Sinditchula dzina lake, kapena la munthu wina aliyense.

"Ojambula aja ndinu?"

"Ndine."

"Valani nsapato, bambo. Tikacheze pang'ono."

Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kujambula ndinaphunzira kwa mmisiri wina ku Namitete, ndipo ndinamuposa. Ndinkayenda pa njinga kuchokera ku Mpingu mpaka ku Nambuma, kujambula maukwati, makwaya ndi alimi amene agula wailesi atagulitsa fodya. Filimu sindinkataya, pakuti chithunzi chikang'ambika chimabadwanso kuchokera ku filimu. Ndinkatolanso zithunzi zakale zimene anthu ankazisiyira chiswe: asilikali obwera kunkhondo, aphunzitsi oyamba a mpingo, akamwini opita ku migodi. Ndinkati dziko lidzafuna kudziona tsiku lina. Khoma langa linali lodzaza, koma zonse zinali m'munsi mwa chithunzi cha mtsogoleri, chifukwa masiku amenewo chithunzi china sichinkaloledwa kukhala pamwamba pa chake.

Amuna aja anakokolera zonse m'ziguduli. Mkazi wanga anaima pakhomo ndi mwana kumsana. Sanalire. Ine ndinakwera galimoto yawo anthu a pamsika akuona.

Tsiku lotsatira anandilowetsa m'chipinda chokhala ndi tebulo ndi mpando umodzi. Wajekete uja anaika chithunzi patebulo. Chinali chojambula ine, cha ukwati wina wa kwa Kabudula. Akwati anali pakati, abale m'mbali. Koma pena pamene panayenera kukhala nkhope panali mabowo.

Ofunika kudziwa ndi ana a lero. M'zaka zimenezo anthu a mpingo wina ankasakidwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Nyumba zawo zinkatenthedwa, pamodzi ndi za amene awabisa. Chithunzi cha ukwati munthu sataya. Choncho abale ankatenga lezala, n'kudula nkhope ya wosakidwayo, chithunzi n'kuchibwezera pakhoma. Ankaganiza kuti abisa. Sanadziwe kuti bowo limaitana maso kuposa nkhope.

Wajekete analowetsa chala m'bowo loyamba.

"Awa ndani?"

"Ine ndimajambula. Sindifunsa maina."

"Eti? Nanga awa?"

"Sindifunsa maina."

Ndinkawadziwa onse. Ndine ndinawaimika tsiku lija: inu pitani kumbuyo, inu gwadani. Lezala inachotsa nkhope koma inasiya manja. Dzanja limene linali paphewa la mkwati linali ndi chala chachifupi, chodulidwa ndi chikwanje. Linali la mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga. Ena mwa anthuwo anali atawoloka malire a ku Mchinji. Ena anali akadali m'zigafa za abale awo, pansi pa fodya. Dzina limodzi lotuluka m'kamwa mwanga likanayatsa mudzi.

"Chabwino," anatero. "Filimu yake ili kuti? M'ziguduli mulibe."

Ine ndinkadziwa kuti filimuyo ili m'chitini pashelefu. Ngati mulibe, wina anaichotsa, ndipo m'chipinda changa munkalowa munthu mmodzi yekha kupatula ine. Ndinayang'ana pansi kuti nkhope ya mkazi wanga isaoneke m'maso mwanga.

"Inaonongeka ndi chinyontho," ndinatero.

Anatuluka, n'kulowa anyamata awiri. Mmodzi anandiuza mawu anga omwe, amene ndinkauza anthu kutsogolo kwa kamera: "Musagwedezeke, bambo, tikujambuleni." Mnzake anaseka. "Mwetulirani pang'ono!" Anachita zimene anabwerera. Kuyambira tsiku limenelo dzanja langa lamanja siligwira chinthu osanjenjemera.

Anandisamutsira kundende ina, kutali ndi kwathu. Mlandu sunawerengedwe. Anandiika m'chipinda chopanda zenera, poganiza kuti mdima undiswa mtima. Mdima ndi kuntchito kwanga. Chimene ndinkaopa ndi chitseko. Loko akalira, kuwala n'kulowa, thupi lonse linkazizira, chifukwa kuwala kunkabwera ndi chithunzi chija. Nthawi zina ankatha miyezi osabwera. Kenako loko, kuwala, chala m'bowo.

"Awa ndani?"

Mvula yoyamba itagwa anandiphatikiza ndi akaidi ena, ndipo ndinadwala malungo. Apo ndiye ndinaopa koposa. Ndodo ndinkaidziwa polekezera pake, koma pakamwa pa munthu wotentha thupi palibe mlonda, ndipo m'chipindamo sitinkadziwa amene ali khutu la akuluakulu. Ndinkaluma nsonga ya bulangeti mpaka nsagwada kuwawa. Nditatsitsimuka ndinafunsa mphunzitsi wina wachikulire amene ankagona pafupi nane.

"Aphunzitsi, kodi ndabwebweta chiyani?"

"Inu? Mwatisowetsa mtendere, achimwene. Mumangolamula: inu pitani kumbuyo, inu gwadani! Mpaka ena anagwadadi."

Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinatembenukira kukhoma, misozi n'kutuluka. Ndi tsiku lokhalo limene ndinalira.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso, inathanso. Tsiku lina m'nyengo yozizira mlonda anaitana nambala yanga. Ndinaganiza kuti ndi chithunzi. Anandipatsa malaya anga akale, atadyedwa ndi njenjete.

"Mwakhululukidwa. Dzipitani. Kuno simunafikeko, mwamva?"

Ndinafika pa Nsaru dzuwa likupendeka. Situdiyo yanga inali itasanduka golosale. Mwana amene ndinamusiya kumsana anandithawa. Mkazi wanga ananditenthetsera madzi osamba, ndipo nditakhala pansi ndinayamba kuti, "Kodi filimu ija..."

"Abambo, musandifunse," anatero. "Chimene simukuchidziwa sangakutulutseni m'kamwa."

Sindinafunsenso. Ndinalima fodya ndi mtedza ngati wina aliyense. Zinthu zitasintha m'dziko, mkazi wanga anatenga khasu, nakumba pakona ya chigafa chathu, natulutsa chitini chomata ndi phula. Filimu inali yamoyo. Sindinaitsuke. Ndinkati vuto ndi dzanja lija, koma sindilo lokha. Anthu ankavina kuti ufulu wabwera, koma ine munthu akagogoda ndinkayang'ana kaye pamene pali nsapato zanga. Mlamu wanga anafera kutsidya kwa malire. Mkazi wanganso anapita, chitini n'kukhala pansi pa bedi.

Chilimwe chathachi kunabwera mayi wina wa msinkhu wa ana anga. Anaodira ali patali, nagwada popereka moni. Anati amayang'anira zithunzi kunyumba yosungirako zinthu zakale, ndipo moyo wake wonse wakhala akufufuza anthu amene ankajambula m'midzi. Zithunzi zanga anazipeza m'nyumba za anthu kwa Kabudula ndi ku Msundwe, nazizindikira ndi nsalu yamaluwa imene ndinkapachika kumbuyo.

"Agogo, ndakusakani zaka zambiri," anatero.

Mawu akuti kusaka sanandikomere. Ndinamuuza kuti zonse zinapita m'ziguduli. Anapepesa, natsanzika. Atafika panjira ndinamuitana. Sindidziwa chinandiyankhulitsa. Ndinamupatsa chitini, ndipo filimuyo anaigwira m'mphepete, monga mmene iyenera kugwiridwira. Pamenepo ndinadziwa kuti ntchito amaidziwa.

Anabweranso mvula isanagwe, ndi chithunzi chachikulu. Anachiyala patebulo langa. Mabowo panalibe. Onse anali pamenepo, ndi makolala awo owongoka, mlamu wanga akuseka monga ankasekera. Mayiyo analoza nkhope yoyamba.

"Agogo, awa ndani?"

Thupi linazizira. Ndinamva loko. Pakamwa panga panayankha pokha: "Ine ndimajambula. Sindifunsa maina."

Anabweza chala msanga. Sanafunse kachiwiri. Ndinadikira kuti atuluke, alowe anyamata awiri. M'malo mwake nkhuku inalowa, n'kutulukanso. Panja ana ankakankha tayala. Ndinaona kuti zala zanga zagwira tebulo, ndipo mayiyo anayamba kukulunga chithunzi mwaulemu.

"Siyani," ndinatero.

Ndinaimirira, ndinatsegula chitseko mpaka kukhoma, dzuwa linagwera patebulo. Nkhope sizinade. Ndinaika chala changa chonjenjemera pansi pa mlamu wanga, ndinatchula dzina lake lonse, ndi mfunda wake, ndi mudzi wake. Mawu anatuluka osasa. Ndinatchula wachiwiri mokweza, kuti apanjira amve. Ndinawamaliza onse. Palibe galimoto inabwera.

Kundende ananditulutsa ndili ndi mphamvu, koma pakamwa panga panatuluka tsiku limenelo, ndili nkhalamba. Amene akufuna kudziwa ufulu adziwe zimenezo: chipata chimatseguka msanga, munthu amachedwa.

Ndinamupatsa mayiyo malamulo awiri. Loyamba, apite kwa abale a aliyense akapemphe, asanalembe dzina pakhoma. Anapita, ndipo m'nyumba ina nkhalamba inatulutsa m'Baibulo kankhope kodulidwa ndi lezala, kamene inasunga zaka zonsezi.

"Nanga lachiwiri, agogo?" anandifunsa.

"Mukachipachike m'mwamba. Pamwamba pake pasakhale chithunzi cha munthu."