Chala Chimodzi pa Nsambo Zitatu

Anandipeza Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, ndikukumba kachewere kumunda kwathu cha ku Mlangeni. Anali apolisi awiri, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Wamkuluyo anandilonjera bwinobwino, kenako anati, "Ndinu a gitala aja? Abwana akufuna akufunseni pang'ono, mubwerako lero lomwe." Mkazi wanga anafuna kukanditengera jekete, iwo anati palibe chifukwa. Ndinabwerako mu Novembala.

Mlandu wanga unali nyimbo. Loweruka la m'mbuyo mwake ndinayimba pamsika wa Manjawira za mjigo umene bwana wina wa ndale anatilonjeza katatu konse, akazi athu akutungabe kumtsinje. Dzina lake sindinatchule, anthu analitchula okha uku akuseka. Inali nthawi ya zipani zambiri, pa wailesi ankatiuza kuti aliyense ayankhule zakukhosi. Ine ndi umbuli wangawu ndinakhulupirira.

Kupolisi funso linali limodzi: wakutuma ndani? Ndinayankha kuti wandituma ndi mkazi wanga, amene khosi lamuuma ndi ndowa. Yankho limenelo silinawakomere. Lachinayi masana mmodzi anandifunsa mofatsa, "Nsambo umagwira ndi dzanja liti?" Ndinamuonetsa lamanzere. Analilowetsa m'kabati ya tebulo n'kutseka. Anatseka kawiri. Atatero anandipatsa madzi akumwa.

Ananditumiza kundende kukadikira mlandu wosokoneza mtendere. Zala ziwiri, chapakati ndi chotsatana nacho, zinatupa ngati chinangwa, ndipo zitaphwa zinauma chowongoka, osapindikanso. Nsabwe, nyemba zofumbwa, kugona cham'mbali mothithikana, zonsezo ndinapirira. Chimene chinkandidya mumtima n'chakuti sindidzayimbanso gitala. Ndinkadziwa makiyi atatu okha, G, C ndi D, amene malume anandiphunzitsa pochita kundigwira zala, ndipo iliyonse imafuna zala zitatu zopindika. Msilikali wina wa ndende akandiona nditakhala duu ankati, "Woyimba, batire yatha?" Ankanena zoona.

M'chipinda mwathu munali bambo wina wachikulire wa ku Sharpevale, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankaphunzitsanso kwaya. Anamangidwa pa mkangano wa madzi a m'minda ya mpunga. Tonse tinkangowatchula kuti aphunzitsi. Tsiku lina tikuwothera dzuwa pabwalo anayang'ana dzanja langa nati, "Achimwene, gitala mumaidziwa?"

"Zaka khumi ndi zisanu ndikuyimba," ndinatero.

"Mukagwira G, mumatuluka mawu angati?"

Ndinayesa kuwerenga m'mutu, koma ndinasokonezeka.

"Ndiye simuidziwa," anatero. "Mwangoyenda nayo nthawi yaitali."

Zinandipsetsa mtima. Munthu woti gitala sanaikhudzepo azindiuza zimenezo ine? Ndinakhala masiku atatu osawayankhula. Koma kundende mkwiyo ulibe kopita nawo, tsiku lachinayi ndinakakhala pafupi nawo ngati palibe chachitika.

Anajambula pansi ndi kamtengo mizere isanu ndi umodzi, ndiyo nsambo. Anajambulanso ina yopingasa, ngati tizitsulo tija timagawa khosi la gitala m'zipindazipinda, mpaka zipinda khumi ndi ziwiri. Iwo ankadziwa do, re, mi wa kukwaya ndi mayina a nsambo. Ine ndinkadziwa kuchuna: kuti ukadina nsambo pachipinda chachisanu imalira mofanana ndi inzake ya m'munsi, kupatula imodzi yamakani imene imafuna chipinda chachinayi. Tinaphatikiza zimene aliyense ankadziwa.

"Kuchoka pa do kufika pa re ndi zipinda ziwiri," ankatero. "Koma mi ndi fa n'zogundizana, ti ndi do chimodzimodzi, chipinda chimodzi basi. Mukafika cha khumi ndi chiwiri mwabwerera pomwe munayambira, kungoti mawu akwera." Ndinkaika timiyala pamzere, iwo n'kumayimba chapansipansi kuti ndimve. Ndikalakwa ankandigogoda pabondo ngati mwana wa sitandade wani, ine bambo wa ana anayi. Msilikali uja ankabwera n'kufufuta zonse ndi jombo. "Kuno si kusukulu," ankatero. M'mawa mwake tinkajambulanso.

Mu Ogasiti anandiuza chinthu chimene chinandisowetsa mtendere. "Kiyi ndi mawu atatu okha: do, mi, so. Nsambo zina zija zimangobwereza omwewo." Ndinawafunsa kuti ndiye malume anandivutitsiranji ndi zala zonse zija. Anati malumewo ndikawafunse ndekha, iwo ayi.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kusaka do, mi ndi so wa G paliponse pamene wabisala pakhosi pa gitala. Lolemba lina mu Seputembala ndinaona timiyala titatu titaima pamzere umodzi wowongoka. Nsambo yachinayi, yachitatu ndi yachiwiri, osazidina n'komwe, zinali so, do, mi. G anali pomwepo zaka zonsezi. Ndinakankha timiyala tonse titatu kufika chipinda chachisanu, ndinawerenga, anali C. Chachisanu ndi chiwiri, D. Kutanthauza kuti chala chimodzi chokha, chitagona chopingasa pa nsambo zitatu, chikanatha kugwira makiyi anga onse. Chamkombaphala changa chinali chamoyo.

"Aphunzitsi, taonani kuno," ndinatero.

Anawerenga kawiri ndi kamtengo kawo. "Pamchenga zikutheka," anatero. "Zenizeni idzanena ndi gitala."

Miyezi iwiri yotsatira inali yaitali kuposa yonse. Ndinkayeserera pamkono wanga wamanja mpaka khungu linafiira, koma mkono sulira. Ndinkachita mantha kuti mwina tinalakwitsa chipinda chimodzi penapake ndipo zonse n'zabodza.

Lachisanu loyamba la Novembala ananditengera kukhoti. Wodandaula sanabwere, mboni sinabwere, woweruza anati ndizipita. Sizinatenge nthawi yophika tiyi. Nditabwerera kundende kukatenga bulangete, aphunzitsi anandigwira dzanja lomwe lija nati, "Mukanditumizire mawu, ikalira kapena ikakana." Pageti msilikali uja anati, "Ukakhale chete, woyimba." Ndinamuthokoza.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Mkazi wanga anandiyang'ana kumaso, kenako kudzanja. Gitala anali ataikulunga m'chitenje n'kuibisa m'nkhokwe, poopa kuti apolisi aja abweranso. "Yambani mwadya, abambo," anatero. Ndinati chakudya chidikire. Iye anasenza ndowa n'kupita kumtsinje, ndikuganiza kuti sanafune kuona ndikulephera.

Ndinakhala pakhonde n'kuchuna pang'onopang'ono. Ndinakhwatcha nsambo zitatu zija osadina. G. Ndinagoneka chala pachipinda chachisanu, zouma ziwiri zija zitaloza kumwamba ngati nyanga za mbuzi. Inalira C, woyera bwino. Ndinatsetsereka zipinda ziwiri, D. Ndinalira, sindibisa, ndinalira ngati pamaliro pamene mtima unali mbee. Mawu kwa aphunzitsi ndinatumiza m'mawa mwake kudzera kwa mwana wawo wamkazi amene ankawapititsira ufa, ndipo anali awiri okha: yalira, zikomo.

Ufulu uja wa pa wailesi sindiudziwa bwino mpaka lero, ndipo zala ziwirizi sizinapindikenso. Umene ndimaudziwa ndi uwu: apolisi aja anatseka njira imene ndinkaidziwa, osadziwa kuti pakhosi pa gitala njira n'zambiri. Amene ananditsekera dzanja m'kabati sindimusungira mawu ambiri. Ankaganiza kuti nyimbo imakhala m'zala, ngati mmene ndinkaganizira inenso.

Mkazi wanga pobwera kumtsinje tsiku lija anandipeza ndikuyimba ya mjigo yomwe ija, koma chonong'ona. Anaima pabwalo, ndowa ili pamutu, madzi akudonthera paphewa. Ndinasiya, poganiza kuti andikalipira. Anatula ndowayo pansi, nadzitikita khosi.

"Mwasiyiranji?" anatero. "Kwezani mawu. Mjigowo sunabwerebe."