Ayezi wa Matemba

Ndiyambe ndi kuulula, poti ukalamba ndi nthawi yolapa. Ine, mpaka ndili ndi ana atatu, ndinkakhulupirira kuti galu akatulutsa lilime n'kumachita wefuwefu ndiye kuti akuseka. Musandiseke msanga. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndipo m'mabuku onse amene ndinawerenga, awiri ndi theka, munalibe tsamba la lilime la galu. Ndinkangoona kukamwa yasa, mano pamtunda, maso atatsinzina pang'ono, ine n'kumati mumtima: ameneyu wamva nkhani yokoma.

Anali masiku a chipani chimodzi. Ndinali ndi kagolosale kwa Nsamala, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Balaka. Munali sopo, mchere, machesi, shuga akapezeka, ndi firiji ya palafini imene ndinagula kwa mmwenye wina wa ku Ntaja pamene ankasamukira m'tauni. Firijiyo inali yanga pogula pokha. Woilamula anali mkazi wanga. Ndiye ankadula chingwe chake, ndiye ankagwada kuyang'ana ngati lawi likuyaka bwino, ndiye ankadziwa botolo lililonse lolowa ndi lotuluka. Pakhonde pa golosaleyo pankakhala mnzanga telala, Myao wa ku Ngokwe, Msilamu wosaphonya swala. Makina ake ankalira tsiku lonse, pakamwa pake pakuliranso.

Ndiye panali galu. Wamkazi, waubweya ngati bulangete. Ndinam'tenga kwa ansembe ku mishoni. Mayi ake anachokera kunja, bambo ake anali wa konkuno, wosadziwika mudzi. Dzina lake sinditchula, chifukwa ndinam'patsa dzina lonyoza mlamu wanga, ndipo mlamuyo akadali moyo, makutu akumvabe. Galu ameneyu analimbana ndi fisi pakhola panga, natuluka khutu litang'ambika, mbuzi zanga zonse zili phee kubzikula. Kuyambira pamenepo sindinkamuwerengera pa ziweto iyayi. Anali wachibale.

Chaka chimenecho Okutobala anabwera ndi mkwiyo. Kutentha kwa ku Balaka sikufotokozeka kwa munthu wa ku Dedza. Nkhuku zinkayenda mapiko tambalala ngati zaledzera, malata ankalira okha masana, madzi a mumtsuko ankakhala ngati awaphulira posamba. M'moto umenewo galu wanga anaswa ana anayi pansi pa nkhokwe. Patapita masiku ochepa anasiya kudya. Madzi ankangowanunkhiza. Anangogona chammbali, lilime panja, nthiti zikukwera ndi kutsika.

Ine ndinati kwa telala, "Taonani achimwene, uchembere wamukomera. Lero ndi tsiku lachitatu akungoseka."

Mwamwayi pakhondepo panali mlangizi wa ziweto, amene anaima ndi njinga yake kuti amwe chozizira. Anasiya botolo, anapita ku nkhokwe, anagwada, anakweza mlomo wa galu kuyang'ana nkhama.

"Bambo, mwati akutani?"

"Akuseka."

"Galuyu akufa, bambo."

Anandifotokozera ngati mwana. Galu satuluka thukuta monga ife. Kutentha kwake kumatulukira pa lilime. Wangayu anali atavala bulangete losavula, ana anayi akumuyamwa madzi otsala m'thupi. "Mumufunditse saka lonyowa. Koma chachikulu amwe. Akapanda kumwa, pofika Lamulungu mukumba dzenje la asanu."

Telala sanandiseke tsiku limenelo. Ndi mmene ndinadziwira kuti zinthu zavutadi.

Saka ndinanyowetsa. Madzi ndinayesa a pachitsime, a pamjigo, ngakhale othira shuga. Galu anangotembenuza mutu. Madzulo ake mkazi wanga ankapala chipale chimene chimaundana m'kachipinda ka pamwamba m'firiji, nataya zopalazo pabwalo. Ndinaona galu akudzutsa mutu. Anakwawa chapamimba, ana akulendewera kumawere, nayamba kunyambita pomwe panagwera ayezi mpaka ananyambita dothi.

Nzeru inandifikira pomwepo, ndipo ine nzeru zikandifikira ndimalankhula ndisanakhale pansi.

"Amayi ake, ndibwerekeni kachipinda kapamwambako."

"Muikemo chiyani?"

"Chakudya cha wodwala."

Atamva kuti wodwalayo ndi galu anagwira m'chiuno. "Firiji imene amamwera anthu? Theka la ogula pano ndi Asilamu. Akamva kuti muli za galu, mudzamwa nokha mabotolo onsewa mpaka mudzatupe."

Ananena zoona. Mlanduwu tinautengera kwa telala. Anaimitsa makina, anakanda ndevu.

"Muphika chiyani?"

"Matemba a ku Chilwa, ndi kaufa pang'ono."

"Matemba ndi nsomba, alibe mlandu. Poto akhale wa m'nyumba, zitini zikhale zoti galu sanazikhudze. Choipa ndi malovu ake. Chitini chikangofika pakamwa pa galu, walahi, chisabwererenso m'firiji, apo ayi ine ndi makina anga tisamuka."

Pangano linakhala limenelo. Ndinawiritsa matemba opanda mchere mpaka anasungunuka, ndinawasefa ndi kansalu kuchotsa minga, ndinathira kaufa kuti msuzi ugwirane pang'ono ngati phala la mwana wakhanda. Utazizira ndinathira m'zitini zitatu za mkaka zotsuka bwino. M'mawa unali mwala. Ndinkatenga chitini, kuchifumbata kuti chimasuke, kuchigogoda pa mwendo wa tebulo, go go go, ndipo chibuma chinkagwera pa phale. Phale ndilo linkapita ku nkhokwe, chitini n'kutsala m'nyumba.

Abale anga, kunyambita kwake! Chibuma choyamba anachimaliza atagona. Chachitatu anachimaliza atakhala. Pofika tsiku lachitatu, akangomva go go go, mchira unkayamba kumenya fumbi. Lamulungu linadutsa, dzenje osakumba. Koma akaphonya chibuma cha masana, pofika dzuwa kupendeka ankagwanso chammbali. Moyo wake unali m'zitini zija.

Kenaka palafini anasowa. Ku Balaka kunalibe, ku Liwonde anati dikirani. Ndinapalasa njinga tsiku lathunthu, ndinabwera ndi chigubu chopepuka ndi matako otupa. Mkazi wanga anaviika kamtengo m'thanki ya firiji, nandionetsa ponyowa pake: chala chimodzi chopingasa. Masiku awiri. Kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale mtambo wonamizira.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, anatulukira a tcheyamani a chipani a dera lathu, ndi anyamata awiri a chipani a malaya ofiira pambuyo, kudzaona makhadi a chipani. Masiku amenewo khadi linali lofunika kuposa mutu. Ankagulitsa ngakhale kwa mwana amene sanabadwe. Athu anali m'malo mwake, choncho a malaya ofiira anapitirira ku msika, koma a tcheyamani, munthu wamimba yaulemu, anadziponya pa benchi thukuta lili kamukamu.

"Mayi, chozizira."

Mkazi wanga anatsegula firiji, ndipo kachitseko kapamwamba, kamene sikankatsekeka bwino, kanagwa. Zitini ziwiri poonekera.

"Icho n'chiyani?"

Mkazi wanga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana telala. Telala anayang'ana singano yake ngati wayiona koyamba.

"Ndi ayezi, bwana," ndinatero. "Wa mankhwala. Wa kutentha m'thupi."

"Ndiye matenda angawo. Bweretsani."

Kodi mukanatani inuyo? Kuwakaniza kunali kunyoza chipani. Kunena kuti n'za galu, iwo atazilakalaka kale, kunali kunyoza kawiri. Ndinapereka chitini chimodzi, ndi sosala, kambale ka kapu ya tiyi. Anayesa kukomba ndi chala, zinakanika. Ndiye mwa nzeru zawozawo anagogoda chitini pa benchi. Go go go.

Chibuma chinagwera pa sosala. Ku nkhokwe kunamveka kusuntha. Galu uyo, akubwera dzandidzandi, saka lonyowa lili kumsana ngati mkanjo. Anafika, anakhala pansi patsogolo pa a tcheyamani penipeni, maso pa sosala, lilime panja, wefuwefu. A tcheyamani anyambita, galu ameza malovu. A tcheyamani anyambitanso, galu asendera.

"Kodi galu ameneyu akundiyang'ana chotere bwanji? Ndam'dyera chiyani?"

Makina a telala anaima.  Ndiye uchitsiru wanga wakale, umene ndinali nditautaya masiku apitawo, unabwerera kudzandiombola.

"Akuseka, bwana. Galu akatulutsa lilime chonchi ndiye kuti wakondwa. Sachitira aliyense. Amadziwa akuluakulu."

A tcheyamani anamuyang'anitsitsa. Kenaka nkhope inamasuka. "Ndimadziwa zimenezo. Agalu amandikonda ine kuyambira kale." Telala anayamba kutsokomola koopsa, nathamangira kuseri, akuti wameza ulusi.

A tcheyamani anamaliza chibuma chonse, namwa ndi msuzi wosungunuka pa sosala. Anati mchere wachepa, koma m'chifuwa mwapepuka. "Loweruka ndidzabweranso. Mundisungire ziwiri."

Apa ndinaweramitsa mutu ngati wamasiye. "Tikanakonda, bwana. Koma firijiyi mawa izima. Palafini watha dziko lonse."

"Dziko lonse? Ndani wakuuzani kuti m'dziko muno mwatha palafini?"

"Iyayi bwana, ndati m'thanki muno."

"Nenani bwino." Anadzuka, napukuta pakamwa. Asanafike pamsewu, ine ndinali nditagogoda kale chitini chotsala, phale lili ku nkhokwe.

Dzuwa lisanalowe, wa malaya ofiira mmodzi anatsitsa pa njinga galoni yodzaza, yosatsegula. Kumene anaitenga sindinafunse, ndipo mpaka lero sindifuna kudziwa. Lawi lija silinazime mpaka mvula yoyamba inagwa. Galu wanga anadzuka, ananenepa, analera ana ake onse anayi, ndipo anakhala zaka zina zambiri akuopseza afisi ndi mlamu wanga. A tcheyamani ankabwera Loweruka lililonse. Zawo ndinkathira mchere, ndi kulemba mtanda pa chitini, kuti odwala anga awiri asasinthane mankhwala. A tcheyamani anapita kumanda akutama dzanja langa, Mulungu awalandire.

Koma ndibwerere ku tsiku la galoni lija. Titatseka golosale, mkazi wanga anathira palafini m'thanki yekha, osataya dontho, osandilankhula. Ndinkadikira mlandu. Tinagona, iye atayang'ana kukhoma. Kenaka ndinamva mphasa ikugwedezeka, mapewa ake akunjenjemera.

"Abambo ake," anatero, mawu akutuluka movutikira, "aja a ziweto anakunamizani. Lero ndinamuyang'anitsitsa galu uja pamene a tcheyamani ankanyambita sosala. Ankasekadi."