Gitala la a Kayira

Bambo Laws Kayira ndinawaona koyamba pakhonde panga ku Kawale, pomwe ndinkasokera zovala. Anabwera ndi nsalu yofiira psuu, akufuna malaya a gulu lonse la Ziphaliwali Band. Ndili kuwayeza m'mapewa, zala zawo zinali yakaliyakali pantchafu ngati pali nsambo.

"Mayi telala, manja akhale otakasuka," anatero. "Ine pogwira gitala ndimatambasuka ngati mphamba."

Anali mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Ekwendeni, koma mtima wawo unapita ku nyimbo zachisoni za anthu akuda a ku America, zomwe iwo ankazitcha bulusi. Gitala lawo linkalira ngati namfedwa, kenaka nkubangula. Gululo linayamba tonse tikadali ndi mano okwanira. Oimba ena anamwalira, ena anapita ku Joni, koma a Kayira ndi a Gilford, mtsogoleri wawo, sanasiyane. Maukwati a ku Biwi, Mchesi mpaka ku Chinsapo sankakoma popanda iwo.

Zitangobwera ndale za zipani zambiri, makutu a bambo Kayira anayamba kugontha. Zaka zonse zoima pafupi ndi sipika zinawadya. Anzawo akalowera uku, iwo ankalowera uko, maso ali chitsinzire, akumwetulira. Eni maukwati anayamba kudandaula.

Munthu wamkulu sauzidwa pamaso kuti watha. A Gilford analephera kuwachotsa, ndiye ankangozimitsa mwakachetechete ampulifaya ya a Kayira, yokweza mawu a gitala, nyimbo zisanayambe. Chilimwe chonse bambowo ankaimba ndi mtima wonse, thukuta kamukamu, gitala lili duu. Kawale yense ankadziwa, ndipo m'manja ankawaomberabe, iwo nkumagwada pothokoza.

Zinaululika masana ena paukwati ku Area 25. Ali pakati pa nyimbo anachita chizungulire, natsamira dzanja pasipika yawo. Sinkanjenjemera. Anagwira ya a Flywell, woimba gitala la besi: inali kugunda ngati chifuwa cha ng'ombe. Anabwereranso pa yawo, namenya nsambo mwamphamvu. Zii.

Nyimboyo anaimaliza. Anaika gitala m'chikwama, napita kukakwera minibasi osadya kanthu.

A Gilford anawalondola kunyumba mawa lake, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, tinkaopa kukupwetekani mtima," anafuula pafupi ndi khutu.

"Munayamba liti?"

A Gilford anangoyang'ana nsapato zawo.

"Ndiye kugwada konse kuja ndinkagwadira anthu ondimvera chisoni," anatero a Kayira. "Pitani bwino, a Gilford."

Kuyambira pamenepo analeka kudutsa njira ya kumsika. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, natuluka nyimbo yomaliza isanathe. Nafenso tikakumana nawo tinkasowa poika maso.

Patatsala chaka kuti a Kayira amwalire, Ziphaliwali zinaimba pa chinkhoswe mu holo ya pafupi ndi kwawo. A Gilford anatuma uthenga kuti mpando wawo ulipo kutsogolo. Sanayankhe. Ine nditatuluka kukapuma mphepo, ndinawapeza kuseri kwa holoyo, pamene amayi ankatsukira mbale. Anali ataima chowerama, msana atauphatika kukhoma, kuti kugunda kwa nyimbo kuwafike m'mafupa.

Ndinawalozera kukhomo kuti tilowe. Anapukusa mutu.

"Musawauze kuti ndinabwera, mayi telala."

Phazi lawo linkamenya pansi motsatira nyimbo.

"Koma Flywell akuthamanga pabesipo," anatero. "Zimenezo mukhoza kumuuza."