Bambo Anga ndi Nkhondo ya Mafumu

Bambo anga anali mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina ku Malawi, koma ine ndinawadziwa akutsuka mabasi ku Tottenham, mumzinda wa London. Anathawa kwathu ine ndili kumsana kwa amayi. Chinawathawitsa ndi phunziro limodzi, la momwe anthu a ku France anadulira mutu mfumu yawo, ndi momwe mafumu a maiko oyandikana anamangira pangano kuti athire nkhondo dziko lopanda mfumulo. Mwana wina wa m'kalasi anakawanenera kuti akuphiphiritsa za boma. Mnzawo wa kupolisi atawatsina khutu, sanadikire.

Tinkakhala pamwamba pa sitolo ya nsomba zouma ndi zilazi. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, anzawo a bambo othawa kwawo ankadzaza pabalaza, majasi awo onyowa ataunjikidwa pabedi langa. Ndinkaperekera tiyi. Akandifunsa m'Chichewa ndinkayankha m'Chingerezi, amayi n'kunditsina. Mkulu wa gululo anali bambo wina wamawu aakulu amene anaoloka malire limodzi ndi bambo anga. Sanali wachibale, koma ndinkawatchula kuti amalume.

Tsiku lina amalumewo anafika akumwetulira. "Abale, maiko akuluakulu ali pambuyo pathu. Alonjeza kutithandiza kugwetsa boma lija. Khirisimasi ikubwerayi tikadyera kwathu."

Anthu anaomba m'manja, kupatula bambo.

"Achimwene," anatero bambo, "mafumu aja nawonso analonjeza. Olemera amene anathawa ku France anakhala m'maiko a eni, ena muno mu London momwemuno, kudikira kuti asilikali a mafumu akawabwezere minda yawo. Koma mfumu iliyonse inali ndi diso pa chake. Ya ku Prussia inkasuzumira dziko la Poland, ya kuno inkasirira zilumba za nzimbe. Nkhondo itawawa anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense kukagwirana chanza ndi mdani payekha."

Amalume anakwinya nkhope. "Ndiye ife mwatisandutsa eni minda? Inu aphunzitsi simunali kumbali ya anthu wamba?"

"Ndinali. Koma anthu wambawo ataona adani pamalire, anayamba kudulana mitu okhaokha. Wofunsa funso ankatchedwa kazitape. Mbali imeneyo sindinafikepo m'kalasi, ndinali nditathawa kale."

"Mwina kazitapeyo tili naye muno," anatero amalume.

Palibe anawatsutsa. Alendowo analowa kuchipinda kwanga mmodzimmodzi kukatola majasi, n'kutsika masitepe osatsanzika. Amayi anaimirira pakhomo ndi mbale ya mandasi mpaka womaliza atatuluka.

Mawu amenewo anamera mizu. Kutchalitchi benchi lathu linkakhala la ife atatu. Amayi amvano anasiya kuimbira amayi foni, ndipo mnzanga amene tinkakwera naye basi popita kusukulu anandiuza kuti kwawo amuletsa kuyenda nane. Amayi anawachonderera bambo kuti akapepese. Iwo anangoti, "Ndikapepese chiyani? Zinachitikadi." Kuyambira pamenepo ankati akachoka kuntchito, manja atasweka ndi sopo, n'kukhala pawindo kuyang'ana msewu.

Zinthu zitasintha kwathu, ambiri a gulu lija anabwerera. Ena anapeza mipando m'boma. Amalume anapita ndi chiyembekezo chachikulu, koma anabwerako ali chete, n'kukakhala ku Thamesmead kwa mwana wawo. Bambo sanapite n'komwe. Ankati amene wakhala kazitape ku London sangakakhale china kumudzi.

Atakalamba ndinawatenga pamodzi ndi amayi kudzakhala nane ku Romford. Mutu wa bambo unayamba kusokonekera, kenako chibayo chinawagoneka m'chipatala. Namwino wina wa kwathu, mtsikana wa mtima wabwino, ataona dzina lawo anawerama n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, agogo?" Bambo anatembenukira kukhoma. Namwinoyo atachoka, anandigwira dzanja.

"Wamutuma ndani ameneyu? Usamuuze kanthu."

Ndinapempha kuti aziwasamalira anamwino osadziwa Chichewa. Ndinachita manyazi popempha, koma mtsikanayo anamvetsa. Masiku otsalawo ankangodutsa pakhomo osalowa.

Pamaliro a bambo tinali ochepa moti mapemphero sanatenge nthawi. Amalume anabwera, akuyendera ndodo, n'kuima kumbuyo. Titatuluka anayandikira amayi, chipewa chili m'manja.

"Pepani, alamu. Tinali ndi mantha tonse."

Amayi anandiuza kuti ndiwaperekeze amalumewo pokwerera basi, poti njira ya ku Thamesmead ndi yaitali ndipo mvula inali itayamba.