Mawu a Marisela M'nyumba Yopanda Anthu

Marisela anali mwana wa Anselmo Treviño ndi ine, Ofelia. Anabereka awiri, Renata ndi Ignacio. Munthu asadzandiuze kuti anali wamba.

Mu 1993 analowa ntchito ku Mesquite Lantern ku Austin, kampani yotulutsa magemu a pakompyuta. Ankayankha mafoni a osewera amene asochera mkati mwa gemu. Tsiku lina opanga gemu anafuna kujambula mawu a mzimayi woitana mwana m'nyumba yopanda anthu. Anangomutenga pa desiki. Iye anaitana dzina la wake yemwe, Renata, kasanu, nabwerera ku mafoni.

Kampaniyo inali ndi lamulo: ukachoka gemu isanatuluke, dzina lako sililembedwa pa mndandanda wa mayina wa kumapeto kwa gemuyo. Khansa inamuchotsa kutatsala milungu itatu. Tinamuika mu Okutobala, gemu inatuluka mu Novembala, dzina mulibe.

Kampaniyo inagulitsidwa kawiri, kenako inatsekedwa. Amene anagula magemu ake analemba ntchito Renata, mdzukulu wanga wa mutu kwambiri. Atati aitulutsenso gemu ija, woti alembe mayina anali iyeyo.

"Agogo, ndiwaikapo amayi," anatero atandigwira dzanja.

Inatuluka mu Epulo. Renata anabwera nayo Lamlungu masana, ine ndi Ignacio tili pa chakudya. Ndinavala magalasi, ndinawerenga mayina onse, mpaka la galu wa abwana. La Marisela panalibe.

"Iwe, zala zinachita dzanzi?"

"Mabwana anati ndikopere mndandanda wakale momwe ulili. Komanso mawuwo si awo, agogo. Tepi inatayika. Tinajambula mtsikana wina wa ku Toronto, ndipo dzina tinasintha. Amaitana Hazel."

"Yatsa ndimve Hazel wakoyo."

Anayatsa pa TV. Khonde lalitali, zitseko zotseka, kamunthu kakuyenda. Kenako mawu, okoka pakati monga Marisela ankachitira akamaitana ana pabwalo.

"Renaaata."

Ignacio anaika foloko pansi. Renata anayambiranso. Tinawerenga: mawu anaitana kasanu. Anayambiranso kachitatu, mawu anapitirira mpaka kachisanu ndi chimodzi.

Ku ntchito akuti aliyense amamva Hazel. Mwina. Marisela ndinamuyamwitsa ine, mawu ake sindingafunse kwa munthu.

Renata akuti akamadzakonzanso gemuyo dzina adzaliika. Papita zaka ziwiri. Amabwerabe Lamlungu, ndimamupakulira, koma TV amaipatsa msana. Ignacio akuti masiku ano mawu aja akumaitana mpaka kasanu ndi kanayi.