Shuga amene ndilibe

Ndilibe matenda a shuga, koma abale onse a amuna anga ku Ngala akudziwa kuti ndili nawo. Ndinawauza ndine.

Nkhani yake ndi yakuti ndinasiya kondowole, mpunga ndi buledi pofuna kuchepetsa thupi. Ndimadya nsomba, mazira, chigwada ndi mapeyala. Poyamba mutu unkawawa ndipo m'kamwa munkanunkha, koma siketi zinayambanso kundikwana.

Vuto linabuka titabwera kudzakhala tchuthi kwa apongozi. Amayi anaviika okha chinangwa, kusinja, n'kundiphikira kondowole wa usipa. Ine ndinangodya ndiwo.

"Amake Tadala, kondowole wanga walakwanji?" anafunsa.

Kwa iwo, mkazi akaonda ndiye kuti mwamuna wake akumuzunza. Ndinachita mantha.

"Adokotala andiletsa, amayi. Akuti shuga."

Amuna anga anatsamwa ndi madzi, koma sanandiulule.

Tsiku lomwelo amayi anachotsa shuga m'nyumba kuti ndisamasirire. Apongozi aamuna, omwe anakalambira m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, tsopano akumwa tiyi wopanda shuga chifukwa cha bodza langa. M'mawa uliwonse amayang'ana kapu, kenako ine.

"Kodi mama, matenda amenewa amatenga nthawi yaitali bwanji?"

Ndimayankha kuti ndikupezako bwino, uku ndikusenda dzira.

Lachinayi azaumoyo akubwera pasukulu kudzayeza anthu shuga. Amayi ati andiperekeza kuti akadzimvere okha zotsatira, ndipo achapa kale chitenje. Apongozi aamuna nawo akuti apita.