Ndowe za Njovu ndi Apongozi Anga

Ntchito yanga yoyamba yovalira nsapato inali yowerenga ndowe. Nthawi imeneyo ndinali pachikamwini m'mudzi wina kuseri kwa Mua, m'munsi mwa mapiri, kumene njovu zimatsikira chimanga chikamauma m'munda. Anthu a bungwe lina loteteza nyama anabwera ndi nkhani yoti amanga mpanda wa waya wamagetsi, koma waya anali wochepa. Mudzi umene njovu zikudutsamo kwambiri ndiwo uyambe kulandira. Njovu sungaiuze kuti taima ndikuwerenge, choncho anatipatsa makope, mudzi uliwonse munthu mmodzi, kuti tizilemba milu ya ndowe imene tapeza m'njira zake.

Sabata yoyamba ndinalemba mpaka dzanja kuwawa. Yachiwiri sindinapeze kanthu. Mapazi alipo, nthambi zothyoka zilipo, koma ndowe palibe. Ndinayamba kuganiza kuti njovu za kwathu zadzimbidwa.

Tsiku lina ndinalawirira ndipo wakuba wanga ndinamupeza. Anali apongozi anga aakazi, dengu pambali, akutola ndowe ngati bowa. Ankaziyanika n'kumafukiza pothamangitsa udzudzu, zina n'kumagawira odwala kamfuno. Mudzi wonse unkadziwa, kupatula ine mwini kope.

Tsono mkamwini saimitsa apongozi panjira n'kumawafunsa mafunso. Ukawaona umapatuka mwaulemu. Ine ndinapatukadi, koma ndinakalowa m'chitedze. Ndinafika kunyumba ndikudzikanda paliponse.

"Amayi a mwana," ndinauza mkazi wanga, "kawauzeni amayi kuti ndowe zija n'za ofesi."

Anapita, n'kubwera akuseka. "Akuti chimanga chimene njovu zikudya n'chawo, ndiye chotulukacho n'chawonso."

Ndinamutumanso, ulendo uno ndi nkhani yonse: kope likakhala lopanda kanthu, waya apita kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo Lachisanu abwana a bungwe lija akubwera kudzaona ndi maso awo. Yankho silinabwere. Ndinaganiza kuti akwiya.

Lachisanu lija ndinatsogolera abwana kunjira ya njovu, mtima uli m'mwamba. Titangokhota pamlambe, ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Apongozi anali atasonkhanitsa amayi anzawo a kumphakati wa tchalitchi n'kubweza ndowe zonse. Anaziyala pamzere wowongoka, zitatuzitatu, motalikirana bwino ngati mapando a chimanga. Zina zinali zakuda ndi utsi wa m'khitchini.

Abwana anayang'ana kwa nthawi yaitali. "Achimwene," anatero, "njovu zanuzi zinaphunzira kwa alangizi a zaulimi?"

Anaseka mpaka kutuluka misozi, kenako anatseka kope langa. Anati zimenezi sangalembe. Ine kuseka kunandikanika. Ndinadziwa kuti waya wapita, ndipo ndinamva chisoni, chifukwa apongozi anga anali amasiye ndipo ankadyetsa zidzukulu ndi munda umodzi.

Nthawi yomweyo iwo anatuluka kuseri kwa mlambe, kumene ankamvetsera. Ine ndinayang'ana pansi. Apongozi anagwada, n'kupereka moni kwa mlendo.

"Bambo, ndowezo ndayala ndine, musamudzudzule mkamwiniyu. Koma tiyeni mukaone zina."

Anatitsogolera kumunda kwawo, ine ndili kumbuyo patali. Theka la chimanga linali litagona pansi. Maungu anali ophwanyika, mizere itafafanizika, ndipo paliponse panali mapazi aakulu ngati lichero, ena ang'onoang'ono a ana.

"Nanga izi," anafunsa apongozi, "ndayalanso ndine?"

Abwana sanasekenso. Anatulutsa tepi yoyezera, n'kugwada m'fumbi, n'kuyamba kuyeza mapazi aja. Ankatchula, ine ndikulemba, mpaka dzuwa linafika paliwombo.

Waya anafika kwathu mvula yotsatira isanagwe. Chaka chimenecho nkhokwe ya apongozi inachepa, ndipo amene anatumidwa kukadula nsungwi zolukira ina ndine mkamwini.